Tepi ya a Zakeyu Inathera pa Mlatho

Uthengawo unandipeza ndili ndi mapegi awiri pakamwa. Linali Lachiwiri m'mawa, ndikuyanika mayunifomu a mwana wanga Esnart kuseri kwa nyumba kuno ku Armadale, mumzinda wa Perth, dzuwa likuyamba kumene kuluma. Ndinangoona mdzukulu wanga Tadala watulukira, chikwama cha kusukulu kumsana, waima potero ngati munthu wodzapepesa mlandu.

"Agogo," akutero, "Lamulungu likudzali, filimu ya agogo aamuna ndikamba ine."

M'Chichewa! Kuyambira kumutu mpaka kumchira, m'Chichewa! Mapegi anagwa okha. Ndinati wati chiyani mwanawe, osati kuti sindinamve ayi, ndimafuna zikome kawiri. Anabwereza. Ine nthungululu, lululululu, galu wa kutsidya kwa msewu kuyamba kuuwa, mbalame zoyera zaphokoso zija kubalalika mumtengo, Esnart kusuzumira pawindo kufunsa ngati nyumba yapsa. Ndinati palibe chapsa mayi, kuno kwagwa mvula, kwagwa mvula pamunda wouma.

Mwina mukuti nkhalamba iyi mutu wazungulira, kuvina chifukwa cha filimu. Dikirani ndikuuzeni za asewere anga, a Zakeyu Mbewe, amene Lamulungu limenelo ankakwanitsa chaka chathunthu ali m'manda. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, cholembera chimandithawa m'manja, ndiye mundipirire. Pamene chilembo chakana, ndiziimba.

A Zakeyu anali bambo ake a Limbani, mwamuna wa Esnart. Tinafika ku Perth mwezi umodzi, iwo kuchokera ku Kawale, ine kuchokera ku Ntcheu, tonse kudzaona khanda limene linali litangobadwa, Madalo. Ine ndinadzera kusambitsa mwana, iwo anadzera kutcha dzina. Tinati miyezi itatu basi. Kenako korona, malire atsekedwa, ndege zonse kugona pansi ngati nkhuku zachitopa. Asewere awiri, uyu wamasiye, uyo wamasiye, denga limodzi, ketulo imodzi. Kukanakhala kwathu, akanatiimba pamtondo.

Anali munthu wamfupi, dzina linawakhala bwino. Wowonda, dazi lonyezimira, koma mawu ngati a anthu awiri onenepa. Jekete sankavula. Ngakhale potulutsa bini kumsewu ankayamba amanga tayi, ati galimoto ya zinyalala nayonso ndi ya boma. Tiyi ankamwa wopanda mkaka, ati mkaka umamata mawu. Asanayambe kulankhula nkhani yaitali ankatulutsa kampango m'thumba, kupukuta dazi, kukapinda kanayi, n'kukaika pabondo. Ukaona kampango kafika pabondo, zimitsa chitofu, sunyamuka msanga.

Ndipo pakamwa, abale anga, pakamwa! Ku Kawale ankawatcha Wailesi. Kutsidya kwa msewu wathu kuli mzungu, a Kevin, amene ali ndi boti loimika pabwalo, Loweruka lililonse amalitsuka koma kumadzi sindinalionepo likupita. Akazi awo amaima pakhonde n'kumawalankhula. Ife m'nyumba sitikumva kanthu, galasi latseka. A Zakeyu ankaima pawindo, manja kumbuyo, n'kuyamba ndi mawu aakazi: "Bambo a m'nyumba, boti limeneli mumalisisita kuposa ine." Kenako ndi mawu aamuna: "Ilitu siliyankha." Ngakhale galu ankamupatsa mawu ake. Akuluakulu a boma akatulukira pa TV kudzanena za mliri, iwo ankatsitsa mawu n'kumawalankhulira. Mkulu wina wakweza chala, iwo: "Amene watenga mbuzi yanga abweze dzuwa lisanalowe." Ine kuseka mpaka kugwira m'nthiti, nthawi imene dziko lonse linali ndi mantha.

Tinkakangana, musaganize kuti ayi. Ndinkawauza kuti asewere, pakamwa pamafunanso Sabata. Iwo ankabweza kuti ine ndimayamba nyimbo za kwaya nkhuku zisanatsike, ndiye ngati m'nyumba muli mawailesi awiri, imodzi iziwerengako nkhani. Tinakanganapo sabata yathunthu za mpiru umene ndinadzala kuseri. Iwo ati mchenga wa kuno sungabale kanthu, uli ngati mtima wa kapitawo. Mpiru utamera anadya mbale ziwiri, n'kunena kuti anaunyoza dala kuti uchite khama.

Kulankhulira anthu a pagalasi inali ntchito yawo yeniyeni. Zaka zambiri anali ndi shedi ya vidiyo kuseri kwa msika, ya malata ndi mabenchi. Mafilimu ankabwera m'Chingerezi, m'Chitchaina, m'Chimwenye, anthu osamva kanthu. Iwo ankatsitsa mawu a TV n'kumalankhula okha mawu onse m'Chichewa, a mfumu, a wakuba, a kavalo ngati pafunika. Chingerezi ankachidziwa bwino, koma ankati kumasulira liwu ndi liwu kuli ngati kupatsa mlendo chimanga chosagaya. Mpando wawo sunkayang'ana TV ngati wa anthu ena. Unkakhala pambali, chopingasa, diso lina pagalasi, diso lina pankhope za anthu. Ankati filimu yeniyeni ili pamabenchi.

Pa matepi onse, imodzi ndiyo inali mwana wapamtima. Dzina lake lachizungu lilime langa limakana, ife timangoti ya Telala. Imayenda chonchi. Telala wina wamantha, wamfupi ngati iwo omwe, aitanidwa kunyumba ya mfumu kukayeza mwana wamkazi wa mfumuyo diresi laukwati. Akumukwatitsa kwa mkulu wa asilikali, munthu wa ndevu zopaka mafuta amene amadziyang'anira palupanga lake ngati pagalasi. Mtsikana sakufuna. Adzikulunga mumpukutu wa nsalu, telala osadziwa ausenza n'kutuluka nawo pachipata, akudandaula kuti nsalu za masiku ano zikulemera. Basi, ulendo wayamba. M'njira apeza chimphona chozula mtengo ndi dzanja limodzi koma choopa nkhuku. Chikangomva kokoliriko chimabisala kumbuyo kwa telala, phiri kubisala kuseri kwa chulu. Mfumuyo nayo ikanama imayetsemula, ndiye nduna zonse zimayenda ndi mipango. Telala lupanga salitha. Nkhondo yake ndi ya sizasi, amadula malamba a asilikali, asilikali n'kumamuthamangitsa dzanja lina lili m'chiuno kugwira thalauza.

Ndinawafunsapo kuti n'chifukwa chiyani anthu ankaibwerera imeneyi kakhumikakhumi. Anati mafilimu a nkhonya amakuuza kuti ukhale chimuna, ndipo umatuluka m'shedi ukudziona kuchepa. Koma iyi imakuuza kuti wamantha nayenso amafika, bola azithawira mbali yoyenera. Anati imaseka nthano koma siinyoza, ngati mmene umasekera amalume ako akuvina paukwati, ukuwaseka ukuwakonda. Mwana amaseka mathalauza akugwa, wamkulu amaseka mfumu yoyetsemula chifukwa amaidziwa, ena anaivotera.

Koma tepiyo inali ndi chilema. Inali yojambula pa tepi ina, imene nayonso anaijambula pa ina, ndipo inali yaifupi. Inkafika pamlatho wa zingwe: telala pakati, asilikali uku, asilikali uko, mtsikana wagwidwa, chimphona chazingidwa ndi nkhuku zimene mkulu wa asilikali wamwaza dala. Telala akweza sizasi m'mwamba. Pomwepo phwaa, galasi lonse timadontho tokhatokha ngati mpunga wotayika. Tsiku loyamba anthu anafuna kuzula malata. A Zakeyu anaimirira kutsogolo kwa galasi lopanda kanthu nati, "Khalani pansi, zotsalazo ndikuzidziwa."

Sankazidziwa, abale. Anazipeka ali chiimire.

Anati telala anaika sizasi pansi nanena kuti nkhani ya ukwati siikambidwa pamlatho, aitanidwe ankhoswe. Mfumu itafunsidwa ngati inamufunsapo mwana wake maganizo, inati ee, n'kuyetsemula mpaka chisoti chinagwera mumtsinje. Ndiye kunachitika chinkhoswe. Anatulutsa akazi khumi ophimbidwa zitenje kuti aliyense wa amuna awiriwo aloze wake. Mkulu wa asilikali analoza modzikuza, atavundukula anapeza ndi agogo ake a mtsikanayo, opanda dzino, akumwetulira. Telala anangotulutsa chingwe chake choyezera, kuyeza phewa ili, kuyeza phewa ilo, nati uyu, miyeso yake ndinaisunga pamtima. Tsono telala analibe m'bale, nkhoswe wake anali chimphona chija. Ndipo nkhoswe wa kuchimuna mukudziwa chimene amanyamula: tambala. Chimphona thukuta ngati mvula ya Januwale, maso chatsinzina, tambala m'manja, phazi limodzi, phazi lina, kuwoloka bwalo lonse chifukwa cha mnzake. Pamenepo m'shedi anthu ankaseka mpaka ena kupukuta misozi, osadziwa kuti ndi misozi ya chiyani.

Zaka ndi zaka Kawale yense ankadziwa kuti filimu ya Telala imatha choncho. Eni akewo anafika poiwala kuti anasoka okha.

Anatisiya chaka chachiwiri cha mliri, dzuwa litayamba kutentha ngati pano. Sanali korona ayi, unali mtima. Anali pampando wawo masana, kampango pabondo, akukonzekera kundiuza kanthu kena, ine ndili kukhitchini ndikuti dikirani ndithire tiyi. Kanthu kameneko sindinakamve mpaka lero. Tinawaika konkuno, mumchenga womwe ankaunyoza uja, chifukwa njira ya kumudzi inali isanatseguke. Koma za maliro ndisakambe, lero ndi tsiku la nthungululu. Ndibwerere pa tsiku limene Wailesi anazima ali moyo.

Anali masiku aja anatitsekera m'nyumba, kutuluka n'kovala masiki. Limbani, amene amakonza makina a kumigodi ku Welshpool, analibe kopita, ndiye anakhala akufufuza pa TV mpaka anaipeza ya Telala, yoyera bwino, yopanda mizeremizere. Anati adadi, lero muonetse. A Zakeyu anasamba kachiwiri, kumanga tayi yofiira, kukoka mpando kuuika chopingasa. Masana amenewo tinakhala ine, Esnart ali ndi Madalo pamiyendo, Limbani, ndi Tadala.

Tadala nthawi imeneyo Chichewa ankamva koma osayankha. Ukamufunsa za kumudzi amakubwezera Chingerezi cha m'mphuno cha kuno. Ine ndi iye tinkalankhulana ndi manja ndi mbale. Filimu itangoyamba, anayamba kutsutsa m'Chingerezi chakecho, akuwerenga timalemba ta m'munsi mwa galasi, ati agogo, sananene zimenezo. A Zakeyu osatembenuka n'komwe: "Adona, amene akulankhula pano ndi ine. Uyo wa pagalasiyo ntchito yake n'kutsegula pakamwa." Ine ndinali kumwamba. Chaka chathunthu ndikuona azungu a pa TV akuyasamula ngati nsomba, lero telala akulankhula ngati wa pakhonde la sitolo ku Ntcheu.

Tinafika pamlatho. Telala akweza sizasi. A Zakeyu, mwachizolowezi cha zaka zonse zija, anaimirira, kukaima kutsogolo kwa galasi, kutambasula manja. "Khalani pansi, zotsalazo ndikuzidziwa." Nayamba za ankhoswe.

Koma kumbuyo kwawo filimu sinathe. Inkapitirira.

Tadala anaseka, kuseka kwa mwana kopanda chiwembu, nakuwa kuti achoke, siinathe. A Zakeyu anacheuka. Anaona telala akudula zingwe za mlatho, asilikali akugwera m'madzi, iye akulendewera pachingwe chimodzi n'kukamutsomphola mtsikana. Nkhuku zija sizinaonekenso, kaya zinapita kuti. Chimphona chinangoima potero chikuwomba m'manja. Kenako awiriwo kupsompsonana pamaso pa anthu, mabelu, malemba kukwera. Popanda nkhoswe, popanda tambala, popanda wofunsa kuti mwana uyu kwawo n'kuti.

Anaonera zonsezo ali chiimire. Kenako anatola kampango kawo, nalowa kuchipinda.

Masiku atatu m'nyumba munali zii. A Kevin anatsuka boti lawo popanda wowalankhulira. Bini inatuluka yopanda tayi. Tsiku lachinayi ndinawapeza kuseri, akuyang'ana mpiru wanga.

"Asewere," ndinatero, "tiyi wazizira kawiri."

"Ndinanamiza Kawale yense, asewere."

"Aa, inu. Nkhani ya filimu yomweyi?"

"Pali anthu anapita kumanda akudziwa kuti chimphona chinanyamula tambala. Ndinkaima pamaso pawo n'kumati ndikuzidziwa."

"Nanga alipo anabwera kudzadandaula?"

"Wakufa sadandaula. N'chifukwa chake zikundiwawa."

Ananena kuti sadzakambanso filimu, iyi kapena ina iliyonse. Ine ndinayesa zonse. Ndinawanyoza kuti ayankhe, osayankha. Ndinaimba kwaya molakwitsa dala, osandikonza. Munthu amene ndinkamupempha Sabata ya pakamwa anandipatsa mwezi wathunthu, ndipo unali wowawa ngati kukhala pamaliro opanda nyimbo.

Amene anazitenga pamtima anali Tadala, poti ndiye anaseka. A boma atatitsegulira, anapita kulaibulale, nabwera ndi buku lonenepa, pachikuto pali telala ndi sizasi yake. Kani filimuyo inachokera m'buku! Sabata yonse tinkamumva akuseka yekha kuchipinda. Loweruka masana anatuluka, chala chili pakati pa masamba omaliza, nakaima pamaso pa agogo ake n'kuyamba kuthira Chingerezi mothamanga.

A Zakeyu anamuyang'ana nati, "Adona, makutu anga a Chingerezi anagwera pamlatho paja. Ngati muli ndi nkhani, bwerani nayo m'chinenero cha anthu."

Mwana anayang'ana mayi ake. Esnart anayang'ana kudenga. Ndiye anayamba, liwu limodzi, kupuma, liwu lina, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala.

"Mu buku... telala sanadule mlatho."

"Anatani?"

"Anakomoka. Ndi mantha."

"Ehe. Pitirizani."

Zinatenga ola lathunthu, thukuta lili pamphuno. M'bukumo, telala atakomoka, mtsikana ndiye anatola sizasi. Bambo ake anayetsemula mpaka anthu anatopa nawo n'kumuika mtsikanayo pampando. Telala anakana kukakhala kunyumba yachifumu, ati masitepe amamuchititsa chizungulire, nabwerera kukashopu kake. Ukwati munalibe. Kungoti Lachisanu lililonse mfumu yaikaziyo inkabwera kukashopuko ndi diresi long'ambika, long'amba yokha. Chimphona chinayamba kuweta abakha, kuti chizolowere pang'onopang'ono.

Dzanja la a Zakeyu linalowa m'thumba, kampango kanatuluka.

"Adona, anthu a filimuwo, bukuli anali nalo?"

"Ee."

"Lonse? Losaduka?"

"Lonse."

"Analiwerenga mpaka kumapeto, n'kukajambula zawozawo?"

"Ee, agogo."

Kuseka kumene anaseka tsiku limenelo! Kunayambira m'mimba, kukwera, mpaka anagwira khoma. "Asewere, mwamva? Iwowo anali ndi nsalu yonse n'kusoka zofuna zawo. Ine ndinali ndi chigamba chokha! Wakuba ndani pamenepa?" Analowa kuchipinda, natuluka tayi yofiira ili pakhosi, nakaima pawindo. A Kevin anali pabwalo ndi ndowa. Mawu aakazi anamveka m'nyumba mwathu: "Mwezi wonse munali kuti, bambo?" Ine nthungululu.

Kuyambira pamenepo ankati nthano ndi nsalu. Wolemba buku anasokera owerenga ake, a filimu anasokera anthu a kwawo, iwo anasokera Kawale, ndipo telala wabwino amayeza munthu amene waima patsogolo pake, osati amene ali kutsidya kwa nyanja.

Masana aliwonse Tadala akaweruka, ankawerenga mutu umodzi n'kutifotokozera m'Chichewa, agogo ake akumuwongola, ine ndikuwonjezera mchere. Mkangano unali wosatha. Tadala anali wa buku. Ati m'buku umamva zimene telala akuganiza pamene miyendo ikunjenjemera, ndiponso wolembayo amaima pakati pa nkhondo n'kuyamba kukunong'oneza miseche ya anthu ake omwe. Ine ndinali wa filimu, poti thalauza likamagwa liyenera kuonedwa ndi maso, silowerenga. A Zakeyu ankasintha mbali malinga ndi amene wawathirira tiyi. Koma pa mathero Tadala sankagonja. Ankati a m'buku ndiwo okoma, a Lachisanu aja, ndipo agogo ake ankamutcha loya wa buku.

Mbiri inamveka. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi anthu a kwathu ankadzaza pabalaza, manesi, a kumigodi, ana awo pansi pakapeti. Limbani anawaphunzitsa bambo ake rimoti, iwo n'kuikulunga m'pulasitiki kuti isade. Akafika pamlatho ankazimitsa TV yonse, galasi bii, n'kufunsa kuti mukufuna mathero ati, a buku, a azungu, kapena a Kawale? Funso lake linali lamwambo chabe. Yankho ankalidziwa.

A Zakeyu atatisiya, filimuyo palibe anaikhudzanso. Limbani manja ake ndi anzeru koma pakamwa ndi polemera. Esnart akangomva nyimbo yoyambira, misozi. Ine ndinayesa tsiku lina ndili ndekha. Nsomba zija zinayambanso kuyasamula. Pamlatho ndinazimitsa, n'kukhala ndikuyang'ana galasi lakuda, popanda woimirira. Ndinati basi, tambala uja tinamukwirira limodzi ndi mwini wake. M'buku mulibe, pa TV palibe, anali m'kamwa mwa munthu mmodzi. Ndi chifukwa chake mapegi anagwa Lachiwiri lija.

Koma pansi pa chimwemwe panali kamunga. Mwanayu ndi loya wa buku. Akafika pamlatho, adzatipatsa ati?

Lamulungu linafika. Titachoka kumanda kukaika maluwa, anthu anadzaza nyumba mpaka ena kuima m'khitchini. Panalinso a Felesiya, alongo ake a Limbani, amene anatha kubwera kuchokera ku Kawale malire atatseguka, munthu woti anakulira pamabenchi a shedi ija. Tadala anatuluka atavala diresi la kutchalitchi, pakhosi tayi yofiira. Pampando wa agogo ake sanakhalepo. Anaima pambali pake, dzanja lili pachotsamira.

Anayamba. Lilime linkapunthwa, ena n'kumamuponyera liwu, iye n'kuliwakha n'kupitirira. Pofika pampukutu wa nsalu anali atayamba kuthamanga. Mfumu itayetsemula koyamba anati nduna zonse zinathawa kukafuna masiki, ina n'kukuwa kuti bwana akayezetse. Nyumba inagwa ndi kuseka. Zimenezo sizinali za agogo ake, zinali zake, zosokera ife amene tinaima patsogolo pake.

Mlatho uwo. Telala akweza sizasi. Ine ndagwira dzanja la a Felesiya ngati ndikuwadziwa kuyambira kale. Tadala anatola rimoti ya m'pulasitiki. Galasi bii. Anayenda masitepe atatu, naima kutsogolo kwake, natambasula manja.

"Khalani pansi," anatero. "Zotsalazo ndikuzidziwa."

Sanafunse n'komwe kuti tikufuna ati. Anaitana ankhoswe. Chisoti chinagwera mumtsinje. Agogo opanda dzino anavundukulidwa. Chingwe choyezera chinatuluka. Ndipo chimphona, ee, chimphona changa, chinanyamula tambala, mwana wa ku Perth akutsinzina, manja patsogolo, phazi limodzi, phazi lina, kuwoloka kapeti ya mayi ake. A Felesiya anakuwa, "Ndi momwemo! Ndi momwemo ndithu!" nagwetsa nkhope m'chitenje. Pamapeto mwanayo anasokererapo kachigamba kake, ati ngakhale atakwatirana, mkaziyo Lachisanu lililonse ankang'ambabe diresi, kuti mwamuna wake asaiwale kumuyeza. Loya ndi loya basi.

Mpando uja ukadali pomwepo, pambali pa TV, chopingasa. Mlendo akalowa amafuna kuuwongola kuti uyang'ane kugalasi, ife timati usiyeni, umayang'ana kumene kuli filimu. Nsalu ya pachotsamira inatha pamene pankagunda dazi. Rimoti imagona pamkono wake wamanja, m'pulasitiki yomwe ija, ndipo kampango kali pakhushoni, kopinda kanayi. Tayi Tadala anaibweza, anaikoleka pamsana pa mpando. Dzuwa la masana likalowa pawindo limayamba kugunda pamenepo, ndipo a Kevin akatulutsa ndowa yawo, ine ndimaima pafupi n'kumamvetsera.

Tsono ndiwatchule amene anabwera kudzasangalala nafe, aliyense amve dzina lake. Panali a Felesiya a ku Kawale. Panali a Nkhoma ndi akazi awo NaJere, ndi ana awo atatu, Yamikani, Pilirani ndi Thoko. Panali Mayi Gondwe, nesi mnzake wa Esnart, atavala yunifomu poti amapita kuntchito akachoka pano. Panali a Kalua, atangotsika ndege ya kumigodi, fumbi lofiira likadali kunsapato. Panali a Tembo a ku Chipata, ophika ku Northbridge, amene anaseka mpaka kutsamwa. Panali Mayi Chirwa a kwaya ndi Mayi Kamanga a soprano. Panali a Kevin a boti ndi akazi awo a Sue, amene anawoloka msewu atamva phokoso, osamva liwu ndi limodzi lomwe koma kuseka nawo mpaka kufiira. Panali Limbani, panali Esnart, panali Madalo amene a Zakeyu anamutcha dzina. Panali Tadala, Tadala, Tadala wanga. Ndi ine NaPhiri, wa nthungululu, mpaka mawu anandithera.